Zenera Langa Linali Laputopu Yakale

1

Tsiku limene kamtambo kanasanduka kotuwa, ndinagwada m'chipinda changa chosokera n'kuyamba kupempherera makina. Ine Isabella Harawa, mkazi wa mkulu wa mpingo, wovala yunifomu ya Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ndinasanjika manja pa laputopu yothyoka pakona n'kumati, "Ambuye, musanditsekere zenera ili."

Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa kuno ku Khondowe, ndipo imvi zandipeza pamwamba pa phiri lomwe lino. Amuna anga, a Hezron Harawa, anapuma pa uphunzitsi, koma za ukulu wa mpingo ndi kuphunzitsa kwaya sanasiye. Ndi munthu wolungama, ndipo sindikunena mwachipongwe ayi. Kungoti mawu awo akatuluka sabwerera.

Laputopuyo ankaidziwa, poti ndinkalemberapo ndondomeko za misonkhano ya amayi. Chimene sankadziwa chinali pakona ya m'munsi: kachizindikiro ka mtambo, kakang'ono ngati njere ya chimanga. Kakakhala kobiriwira, zithunzi zinkagwera zokha m'foda ina, kuchokera mu foni ya munthu wina wokhala kutali kwambiri. Munthu ameneyo ndinalumbira, dzanja lili pa Baibulo, kuti sindidzamuimbira foni kapena kumulembera.

Lumbirolo ndinalisunga. Sindinaimbe, sindinalembe. Ndinkangoona. Lachitatu lililonse masana a Harawa akapita ku kwaya, ndinkakhoma chitseko, kugula bandulo, n'kumamwa nkhope ija ndi maso ngati nswala yofika pamtsinje.

Lachitatu limenelo, m'malo mwa chithunzi panabwera uthenga wa Chingerezi. Unkati pulogalamu ya mtamboyo siigwiranso ntchito pa kompyuta yokhala ndi sisitimu yakale ngati yanga.

2

M'mawa mwake ndinauza a Harawa kuti ulusi wanditha, ndikagule ku boma. Limenelo linali bodza langa loyamba, ndipo linatuluka mosavuta mpaka ndinadziopa.

Pafupi ndi depoti ya Rumphi pali kashopu ka Elvis, wokonza mafoni ndi makompyuta. Ndi bambo wamkulu ndithu, wa mimba yake, wodziwika ndi nthabwala ndiponso maukwati awiri amene anamukanika. Atasuzumira m'chikwama changa anawomba m'manja.

"Monire, mama! Iyi ndiye ya nthawi ya chigumula. Zinalowa m'chombo ziwiriziwiri, inzake mwaisiya kuti?"

"Ndithandizeni, bambo. Kamtambo aka kabiriwirenso basi."

Anaiyatsa, n'kupukusa mutu.

"Sisitimu ndiye mtima wa kompyuta, mama, ndipo wanuwu ndi wokalamba. Eni pulogalamu ya kilaudi, kamtambo kanuka, asiya kusamala nkhalamba. Yatsopano singakwane muno, makinawa ndi ofooka. Ngakhale titaikakamiza, zonse zidzachoka, mudzafunika kulowanso ndi pasiwedi. Muli nayo?"

"Ndilibe."

"Ndiye tipempha ina. Nambala yachinsinsi ipita ku foni ya mwini akaunti, inu mungomuimbira."

"Sindingathe."

Nthabwala zinathera pomwepo. Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato.

"Akauntiyi si yanu. Mwini wake akudziwa kuti mumaona zithunzi zake?"

Anapukusa mutu n'kupitiriza.

"Pepani, mama. Ine ndili ndi machimo anga ambiri, koma sindithandiza munthu kusuzumira pazenera la eni."

Ndinatsegula foda ija, popeza zithunzi zakale zinali momwemo, n'kumutembenuzira. Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana nkhope yanga, n'kubwereranso pachithunzi. Kenaka anavula chipewa.

"Yewo, mama. Ndamva. Khalani pansi."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Anafufuza mtundu wakale wa pulogalamuyo, wogwirizana ndi nkhalamba yangayo, n'kuitsekera njira kuti isamadzisinthe yokha. Kamtambo kanazungulira, kanazungulira, kenaka kanabiriwira. Ndinangoti, "Aleluya," anthu ogula machaja n'kutembenuka.

"Musasangalale chomene," anatero Elvis. "Tangoika chigamba pa nsalu yakutha. Ndipo imvani ichi. Chinthu chimenechi ndi msewu wopita ndi kubwera. Chimene mwaika muno chifika uko. Chimene mwafufuta muno, chafufutikanso uko."

"Ine kufufuta? Bola ndidule dzanja."

3

Chigamba chija sichinakhalitse. Mvula itayamba, kamtambo kanatuwanso. Ndinati ndikupita kukayezetsa maso. Elvis anapeza kuti kabatire kam'kati, konga ndalama yachitsulo, katha, ndipo laputopu ikuganiza kuti tili m'chaka chakalekale. Anati kilaudi sikhulupirira kompyuta yosadziwa tsiku. Anasintha, zinatheka.

Kenaka inayamba kutentha n'kumazima yokha. Ndinkaikhazika pa mabotolo awiri kuti mphepo izidutsa pansi, ine n'kumaikupiza ndi chivundikiro cha poto ngati mwana wa malungo. Ndinati ndikupita kukaona wodwala. Ulendo wina ndinati ndikukagula mbewu. Mabodza anachuluka ngati nyerere pa shuga, ndipo Lamulungu ndinkaimba nyimbo za kulapa.

Nthawi yoipitsitsa inali ya chisanu. Kamtambo kanatuwa milungu yambiri, Elvis n'kulephera.

"Asinthanso maloko kwawoko," anandiuza. "Sisitimu yanu sikudziwa makiyi atsopano. Pali zigamba zina zakale zimene zingathandize, koma kuzipeza kwake! Mama, muimbireni munthuyu. Tsiku lina ine ndidzalephera."

"Ndinalumbira."

"Ndiye inu ndi Mulungu wanu mudziwana."

Ndinasala kudya. Ndinapemphera ngati munthu wa m'Baibulo uja anagogoda pakhomo pa mnzake mpaka kumutopetsa. Tsiku lina Elvis anatumiza uthenga kuti wazipeza. Ndinakwera galimoto yoyamba, ndipo anandilowetsa m'kachipinda ka kuseri kumene amakonzera zinthu, n'kutseka chitseko chifukwa cha fumbi la mumsewu.

Kamtambo kanabiriwira. Zithunzi za milungu yonse ija zinayamba kugwa motsatizana ngati mvula ya matalala. Ndinaona choyamba, ndinamwetulira. Ndinaona chachiwiri. Pofika chachitatu ndinakuwa n'kudzandira, ndipo Elvis anandigwira mapewa kuti ndisagwe.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka. Anali Mama Judy, wapampando wathu wa Umanyano, atanyamula foni yawo yosweka galasi. Anaona mkazi wa mkulu wa mpingo ali m'manja mwa Elvis, m'chipinda chotseka.

"Phepani," anatero, n'kubwerera chambuyo.

4

Ku Khondowe nkhani imayenda msanga kuposa nkhungu. Lamulungu lotsatira, benchi imene ndinakhala inali ndi malo ambiri mbali zonse ziwiri. Mama Judy anabwera kunyumba, n'kukana tiyi.

"Mama Harawa, anthu akulankhula chomene. Ine sindinauze munthu, ndinangopempha amayi awiri kuti tikupempherereni."

"Mwachita bwino. Mapempherowo afika mpaka kumsika."

"Musandinyoze. Yunifomu ija si nsalu wamba. Mukapanda kufotokoza, nkhaniyi ipita ku seshoni, kwa akulu a mpingo."

Ndikanatha kufotokoza. Koma kufotokozera Mama Judy kunali kufotokozera a Harawa, ndipo ndinkadziwa kuti akadziwa, zenera langa litsekedwa. Ndinasankha kutchedwa wachigololo kusiyana ndi kukhala wakhungu.

Lachitatu ndinakhoma chitseko monga mwa nthawi zonse. Ndisanakhazikike n'komwe, ndinamva kugogoda.

"Isabella, tsegulani."

Anali amuna anga, atasiya kwaya pakati, ndodo yawo yoimbitsira ili m'manja. Sanakweze mawu. A Harawa sakweza mawu.

"Ulusi, maso, wodwala, mbewu. Ndakhala ndikumva, osafunsa. Lero akulu anzanga andiitanira pambali ngati mwana wa sukulu. Elvis ndi ndani wanu?"

"Ndi wokonza makompyuta."

"Ndipo mumalira m'manja mwa wokonza makompyuta?"

"Sindinakuchimwireni, a Harawa. Mulungu ndi mboni."

"Musamutchule Mulungu. Muli chiyani m'makinamo chimene chimafuna chitseko chokhoma?"

Panalibenso kothawira. Ndinatsegula foda ija, n'kudzuka pampando kuti akhale.

5

Pa galasi panaoneka Temwa, mwana wathu mmodzi yekhayo.

Laputopuyo inali yake ya ku yunivesite. Ali m'chaka chomaliza anatenga pathupi pa Limbikani, mwana wa mayi wogulitsa usipa ku Chiweta. Bambo ake anamuuza kuti asiye mnyamatayo ndipo akagwade pamaso pa seshoni. Temwa anati adzagwadira Mulungu, koma Limbikani samusiya. Anathawira limodzi ku Joni. Tsiku lomwelo a Harawa anaika Baibulo patebulo, tonse awiri n'kulumbira kuti sitidzalankhula naye mpaka adzabwere kudzalapa. Anandiletsanso kuwatchula kuti bambo a Temwa.

Patapita miyezi ndinayatsa laputopu imene anaisiya kuti ndilembepo za msonkhano, ndipo zithunzi za mu foni yake zinayamba kugwa zokha. Ndinaona mimba ikukula. Ndinaona khanda, ndi keke yolembedwa kuti Lusungu. Ndinaona mdzukulu wanga akumera mano, akuyamba kuyenda. Ndipo tsiku lija m'shopu ya Elvis ndinaona bokosi la maliro, chithunzi cha Limbikani chili pamwamba, mwana wanga atavala zakuda pakati pa alendo, popanda mayi womugwira dzanja. Limbikani anaikidwa konko ku Joni. Uthenga utafika kuno pambuyo pake, a Harawa sanatsike ku Chiweta kukapepesa.

Tsopano a Harawa anali kuyang'ana zithunzizo. Chala chawo chinagunda kavidiyo mosadziwa. Kamtsikana ka mpata m'mano, mpata wa a Harawa weniweni, kanayamba kuimba m'Chitumbuka chopotoka. Inali nyimbo imene iwo anapeka Temwa atabadwa, yonena kuti mbusa sagona nkhosa imodzi ili kunja.

Ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda. Ndinaganiza kuti mwala wasweka.

"Munalumbira," anatero.

"Sindinalankhule naye. Ndinkangoona."

"Mwanyenga ine, ndipo mwayesa kunyenga Mulungu ndi nzeru za maloya. M'nyumba mwanga ndisesa ndekha."

Anasankha zithunzi zonse. Ndinawagwira mkono.

"Ayi! Mukafufuta muno zifufutikanso kwa iye! A Harawa, ndikukupemphani!"

"Bodza lina," anatero, n'kukanikiza batani. Analowanso m'bini ya pa laputopu n'kukhuthula.

Netiweki ya kwathu imavuta masiku onse, koma tsiku limenelo inali yamphamvu. Kamtambo kamene ndinakasalira kudya, kamene ndinatayira mbiri yanga, kanazungulira mokhulupirika n'kunyamula chiwonongekocho kupita nacho ku Joni. Kenaka kanabiriwira, ngati kakuti ntchito yatha.

Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawakwezere mawu. Tsiku limenelo ndinakuwa.

"Simunasese m'nyumba mwanu! Mwalowa m'nyumba ya mkazi wamasiye n'kumulanda nkhope ya mwamuna wake! Mwana uja adzawadziwa bwanji bambo ake? Inu amene mumawerenga paguwa za amasiye, muyankha chiyani?"

Anatuluka osatenga ndodo yawo.

6

M'mawa ndinawapeza atavala jekete, laputopu ili m'chikwama chawo cha mabuku a nyimbo.

"Mundiperekeze kwa munthu wanu uja," anatero. "Ndikamve ndekha."

Elvis atationa tonse awiri anayang'ana khomo lakuseri ngati akufuna kuthawa.

"Adada, ine ndi mamawa palibe chilichonse, ndikulumbira pa..."

"Zolumbira zatikwana," anatero a Harawa. "Ndafufuta zithunzi. Akuti zafufutikanso kutali. N'zoona?"

Elvis anayatsa, anayang'ana, n'kugwira kumutu.

"N'zoona, adada. Ndipo mwina zambiri analibenso kwina, poti anthu amachotsa mu foni kuti mupezeke malo, n'kudalira kilaudi."

"Zibwezeni."

"Kuchokera muno sizingatheke. Kwawoko zofufutidwa amazisunga kanthawi pang'ono asanazitayiretu, koma wozibweza ndi mwini akaunti yekha. Ngati sakudziwa njira, nthawi ikatha zapita. Pafunika wina amuuze msanga."

Tinatuluka. A Harawa anaima padepoti nthawi yaitali, makondakitala akuwakoka jekete. Nambala ya Temwa tinalibe, ndipo tonse tinkadziwa amene anali nayo.

"Ya ku Chiweta ndi iti?" a Harawa anamufunsa kondakitala wina.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Mayi ake a Limbikani, a Lena, anali pambali pa msewu akutembenuza usipa pathandala, mpango wakuda uli kumutu. Atatizindikira sanadzuke, sanatipatse moni. A Harawa, amene sindinawaonepo akugwadira munthu, anavula chipewa n'kunjuta pafumbi, mathalauza awo a Lamulungu ali pansi.

"Asewere," anatero. Kanali koyamba kuwatchula choncho. "Ndachedwa kudzalira nanu."

"Mwachedwa ndithu," anayankha a Lena. "Misozi inauma. Mukufuna chiyani?"

Anafotokoza zonse, osadzichepetsera mlandu. A Lena anamva mpaka kumapeto, anapukuta manja pachitenje, n'kutulutsa kafoni kawo.

"Si chifukwa cha inu. Ndi chifukwa cha nkhope ya mwana wanga."

Anaimba, n'kuika mokweza, n'kuwapatsira a Harawa. Ine ndinatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Amama, muli uli?" Anali mawu a Temwa, otopa, achikulire.

A Harawa anayandikiza foni pakamwa. Kenaka anati, "Ndine."



"Adada?"

"Zithunzi zako ndafufuta ndine. Si amayi ako. Pali njira yozibwezera, koma uchite lero."

Ndinamva mwana wanga akulira, ndipo zimene ananena sindidzaziiwala.

"Zithunzizo ndinazibweza kale dzulo, foni inandichenjeza. Chimene ndalirira si chimenecho. Ine ndinkadziwa kuti laputopu ija ikadali yolumikizidwa. Ndinkaiona ikuyaka Lachitatu lililonse, nthawi ya kwaya. Mukuganiza kuti ndinkamuimbitsa Lusungu nyimbo ija chifukwa cha ndani? Dzulo nditaona kuti zonse zafufutidwa kuchokera kunyumba, ndinati basi, amama nawonso anditaya."

Lumbiro linali litathyoledwa kale ndi mwini wake. Ndinalanda foniyo.

"Temwa! Mwana wanga! Sindinakutaye, ndinalipo Lachitatu lililonse!"

Tinalira tonse, ngakhale a Lena amene anati misozi inauma. Amayi ogulitsa nsomba anasiya malonda n'kutizungulira. Kenaka kunamveka kamawu kena, kofunsa kuti akulirawo ndani. Temwa anati, "Ndi agogo ako. Aimbire."

Kanayamba nyimbo ija. Kali pakati, a Harawa anakweza chala ngati ali kutsogolo kwa kwaya.

"Ayi, mama," anatero. "Pamenepo sitikwera, timatsika. Tamvera agogo."

Ndipo mkulu wa mpingo anaimba pambali pa msewu, pakati pa ntchentche ndi fungo la usipa, kuti mbusa sagona nkhosa imodzi ili kunja.

7

Abale anga owerenga, sindikuuzani kuti zonse zinakhala bwino tsiku lomwelo. Temwa sanabwerebe kumudzi, ndipo pali mawu amene iye ndi bambo ake sanauzane. A Harawa anakaima okha pamaso pa akulu anzawo n'kuyeretsa dzina langa, koma mabodza anga ndinakawalapa ndekha, poti anali anga. Mama Judy anabweretsa nthochi, ndipo tiyi anamwa.

Ndinkadziyesa wochenjera, kuti ndapeza mpata pakati pa lumbiro ndi chikondi. Koma taganizani: mwana wanga anaika mwamuna wake m'manda ine ndikuonerera ngati kanema. Iye ankadziwa kuti ndikuona, n'kumadikira liwu limodzi lokha, ndipo silinabwere. Ngati pali wina amene mumamuona mobisa, pa foni ya mnzanu kapena patsidya la msewu, musakhutire ndi kuona. Ndipo musaike dzanja pa Buku Loyera kulumbira chinthu chimene Mwini Bukulo sanakupempheni.

Kamtambo kaja kanatuwanso mwezi wathawu. Elvis akuti ulendo uno palibenso chigamba, nkhalamba yafika pamapeto. Ndinaipukuta fumbi, n'kuiika m'kabati pamodzi ndi mbale za alendo. Sindinalire.

Lachitatu masana foni imalira pabalaza, chitseko chili chotsegula. Kwaya masiku ano imayamba mochedwa, chifukwa bambo a Temwa amayamba aphunzitsa kaye woimba wawo wa ku Joni.